Tikagona Kuti ku Kasungu?

Ife anthu a kunyanja tinazolowera kulandira alendo, osati kukhala alendo. Likafika Lachisanu magalimoto amatsika kuchokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzadzaza Senga Bay, Nkopola ndi magombe ena, ife n'kumangowaonerera akudutsa, ana awo atagunditsa mphuno pagalasi kuti aone madzi. Nanga eni nyanjafe tikafuna kupumula timalowera kuti? Munthu wobadwira pamchenga sangalipire ndalama kuti akagonenso pamchenga. Ana athu amafuna kuona zimene kwathu kulibe: phiri, tauni, masitolo akuluakulu, mwinanso njovu. N'chifukwa chake mabanja ena a ku Nkhotakota, ku Dwangwa ndi ku Salima akagulitsa mpunga kapena usipa, kathumba n'kulemerako pang'ono, amapangana zokwera kumtunda kukagonako masiku awiri.

Kasungu ndi imodzi mwa matauni amene tili nawo pafupi. Kuchokera pa boma la Nkhotakota, msewu wa M18 umakwera zitunda, kudutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kuwoloka mtsinje wa Bua, uja mpasa zathu zimakwera kukaswana, kenaka n'kutulukira m'dziko lathyathyathya la minda ya fodya. A ku Salima ndi ku Mangochi ambiri amadzera ku Lilongwe n'kutenga msewu wa M1, ndipo kuchokera ku Lilongwe kukafika pa Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130. Pakalembera wa 2018 tauniyi inali ndi anthu oposa 58,000. Si mzinda ngati Lilongwe ayi, koma kwa mwana amene sanachokepo pa Chia kapena pa Benga, ndi mzinda ndithu.

Njira imeneyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1800, pamene a Jumbe ankalamulira pa Nkhotakota, amalonda ankakwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti kupita kwa Mfumu Mwase patsinde pa phiri la Kasungu, n'kutsika ndi minyanga ya njovu, komanso, tisabise, ndi akapolo. David Livingstone naye anadzera njira yomweyi m'chaka cha 1863. Apaulendo a nthawi imeneyo analibe vuto losankha pogona. Ukafika m'mudzi unkayamba waonekera kwa mfumu, mfumu n'kukulozera nyumba, ndipo chikakuchitikira usiku unali mlandu wa mudziwo. Lero mlendo amatsika pa depoti n'kupeza zikwangwani khumi, chilichonse chikulonjeza tulo tokoma, koma popanda munthu woti akamuyankhire zikavuta. Akasankha molakwa, amavutika ndi mkazi wake, ana ake ndi thumba lake.

Usiku umene sitinagone

Tikunena izi chifukwa zinationekera. Tinanyamuka anthu 6: ife makolo awiri, ana atatu, ndi agogo awo aakazi, amene anali asanaoneko Kasungu chibadwire. Unali mwezi wa Meyi. Tinayamba taswali Ijumaa kwathu, kenaka minibasi inachedwa kudzaza monga mwa masiku onse, moti pa Kasungu tinafika dzuwa litalowa kale. Mnyamata wina wa kabaza anatilonjera mwaulemu nati akudziwa malo abwino otchipa. Tinamutsatira. Chikwangwani chinali chopakidwa bwino, atajambulapo bedi loyalidwa ndi duwa pambali. Khonde linali losesedwa, mtengo unali wotheka. Potopa ndi ulendo, tinalipiriratu zipinda ziwiri za masiku onse awiri osaona n'komwe kuseri kwa nyumbayo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Itangokwana 8 koloko, khoma linayamba kunjenjemera. Kuseri kwa chipinda cha agogo ndi atsikana kunali bala, ndipo masipika ake anatsamira khoma lomwelo. Zimbudzi zinali kumapeto kwa kanjira kamene ankadzeranso omwa mowa. Mwana wathu wamkazi wa zaka 13 atafuna kukataya madzi, tinachita kumuperekeza awiri, wina patsogolo wina pambuyo. Cha pakati pa usiku munthu wina anagogoda mwamphamvu pachitseko cha agogo akuitana dzina la mkazi amene sitimudziwa. Anali atasokoneza chipinda. Kachitsulo kotsekera m'kati kanali kogwira ndi msomali umodzi wokha. Mmodzi wa ife anachezera pampando pakhomopo, atafunda chitenje, mpaka atambala.

M'bandakucha nyimbo zitaleka, tinatsegula mpopi kuti tipange wudhu wa Subuhi. Unangopuma mpweya. Agogo anagwiritsa ntchito madzi akumwa a m'botolo amene anatsala paulendo, ndipo ataswali anatiyang'ana nati: "Ana inu, kodi kupumula munkanena kuja n'kumeneku? Bwenzi nditangokhala kwathu ndikumva mafunde." Ndalama za tsiku lachiwiri sizinabwere. Risiti tinalibe, ndipo amene anatilandira usiku uja anali ataweruka.

Poyamba tinkati tachita tsoka. Titafunsafunsa tinazindikira kuti silinali tsoka, koma kusadziwa kwathu kalendala ya kumtunda.

Kalendala ya fodya

Kunyanja timadziwa nyengo ya mwera, nyengo imene usipa umagwa, ndi miyezi imene boma limatseka nyanja. Ku Kasungu zonse zimayendera fodya. Mlimi amafesa nazale m'chilimwe n'kumathirira kudambo m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa cha mu Disembala amawokera, kuyambira cha mu Febuluwale amathyola, kusoka masamba ndi kuwayanika m'zigafa. Akauma amawasankha n'kudinda mabelo ndi jeke. Msika nthawi zambiri umatsegulidwa cha mu Epulo, ku Kanengo, ku Limbe, ku Mzuzu ndi pa Chinkhoma, m'boma la Kasungu momwemo, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa tauni, ndipo umatha cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Fodya amagulitsidwa m'madola a ku America, ndipo kwa zaka zambiri mbewu imeneyi yakhala ikubweretsa pafupifupi theka la ndalama zimene dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja. Ndalama za mlimi zimadzera kubanki, ndipo mabanki ali m'tauni.

Tsono taganizani zimene zimachitika m'tauni yaing'ono anthu a m'midzi yonse akalandira ndalama za chaka chathunthu m'miyezi yomweyomweyo. Alimi amabwera kudzagula malata, simenti, njinga zamoto ndi feteleza. Ogulitsa zovala ndi ziwiya amachoka ku Lilongwe kutsatira ndalamazo. Madalaivala a malole onyamula mabelo amafuna pogona. Sitikunyoza mlimi ayi. Ambiri amagula zawo n'kubwerera kumudzi dzuwa likadalipo, ndipo tikudziwa kuti nako kunyanja nsomba zikagwa anyamata ena a matilola ndi zilimira sakumbuka kwawo. Koma ochepa amene amatsala m'tauni ndi okwanira kudzaza mabala ndi zipinda zonse zotchipa. M'miyezi imeneyi mitengo ya zipinda imakwera, ndipo mwini resitihausi alibe chifukwa chochepetsera wailesi kaamba ka banja limodzi lochokera kunyanja.

Ife tinafika m'katikati mwa nyengo imeneyi, Lachisanu, usiku. Tinaphatikiza zolakwa zitatu pamodzi.

Amene angathe kusankha mwezi, ife tikuti apite msika wa fodya ukamatha kapena utatha, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala. Misewu imakhala youma, kuzizira kwatha, ndipo tauni yabwerera m'chimake. Apewenso kumapeto kwa mwezi, pamene apantchito alandira malipiro. Pali chinanso chimene ambiri sadziwa: maloji apakatikati amadalira misonkhano ya mabungwe ndi ya boma, imene imachitika Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka zipinda zawo zambiri zimakhala zopanda anthu, choncho banja lofuna zipinda ziwiri likhoza kunenerera mtengo popanda manyazi, mwinanso kugona pabwino pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa kuseri kwa bala.

Hotela yokhala ndi bala, kapena bala yokhala ndi zipinda?

Tikambe mosabisa. M'matauni a dziko lino malo ogona alendo osagulitsa mowa n'komwe ndi ochepa. Alipo, ena ndi a abale athu Achisilamu, ena ndi nyumba za alendo za mipingo ya anzathu Achikhristu, zimene kawirikawiri zimakhala zabata ndi zotchipa. Mukapeza otere, thokozani Mulungu. Koma mukapanda kuwapeza, funso loti mudzifunse ndi ili: kodi pano ndi hotela yokhala ndi bala, kapena ndi bala yokhala ndi zipinda? Ziwirizi zimafanana pachikwangwani, koma usiku n'zosiyana ngati chambo ndi ng'ona. Pamalo oyambawo mwini wake amadya za tulo ta alendo, choncho bala amaiika patali, m'chipinda chotseka, ndipo mlendo akadandaula za phokoso amamumvera. Pamalo achiwiriwo mwini amadya za mowa, ndipo zipinda anazimanga kuti zitumikire omwawo ndi anzawo amene amawapeza momwemo. Ngakhale atapaka utoto wotani, malo amenewo si a ana anu. Banja lililonse lidzagamula lokha pamene lingalekezere. Alipo amene sangagone pansi pa denga limodzi ndi botolo la mowa, ndipo sitingawatsutse. Chimene tikukana ife n'kulowa osadziwa.

Mungadziwe bwanji? Pofika dzuwa likadalipo. Apa pali nzeru imene tinaiphunzira mochedwa: m'malo moswali Ijumaa kwanu n'kunyamuka masana, nyamukani m'mamawa mukaswalire ku Kasungu. Mukatero mwapha mbalame za m'tchire ndi za pakhomo zomwe. Nkhalango ya Nkhotakota mwaidutsa kukuwala, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa m'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks linasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Komanso swala ikatha, pabwalo la mzikiti mupeza anthu okhala m'tauni momwemo: eni masitolo, aphunzitsi, madalaivala, amalonda a nsomba ochokera kwathu konkuno. Apatseni salamu n'kuwafunsa kuti munthu wa banja angagone kuti. Mnyamata wa pa depoti amakutengerani kumene akalandireko kangachepe. M'bale wa kumzikiti amadziwa kuti mudzakumana naye pa Magharibi, ndipo sangakutumizeni poti adzachite nanu manyazi. Bwalo la mfumu la makedzana lija, kwa ife lero ndi limeneli. Safunsa anadya phula.

Mayina odziwika monga Kasungu Inn ndi Chikho Hotel mudzawamva, ndipo pali maloji ena ambiri amene amangidwa m'zaka zaposachedwapa. Sititchula oti ndiwo abwino koposa, popeza malo ogona amasintha ndi manja a amene akuwayendetsa. Amene anali aukhondo chaka chatha akhoza kukhala ena lero. Dzina lingokufikitsani pachipata. Mukafika, musayambe n'kutulutsa ndalama. Asiyeni ana ndi katundu pakhonde, makolo awiri mupemphe kiyi mukaone chipinda. Tikuti awiri chifukwa maso a amayi amaona zimene abambo saona. Abambo amayang'ana wailesi yakanema ndi poimika galimoto. Amayi amavundukula matiresi n'kuyang'ana m'misoko ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi, amatambasula masikito kuona ngati ali ndi zibowo, amanunkhiza pilo.

Kenaka zungulirani kuseri. Makireti a mabotolo ataunjikidwa mpaka kudenga, masipika aakulu ngati mbiya, tebulo la pool pakhonde: zimenezi zakuuzani zonse, ngakhale pamalopo pali zii masana. Yesani loko ndi kachitsulo ka m'kati, mukankhe chitseko ndi phewa. Funsani ngati chipata chimatsekedwa usiku ndiponso nthawi yanji. Ndipo ngati mungapeze mlonda payekha, chezani naye pang'ono. Iye ndiye amadziwa ngati zipinda za pamalopo zimabwerekedwa kwa ola limodzi kapena awiri, nkhani imene a pakauntala sangakuuzeni. Malo ovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha boma chopachikidwa poonekera. Chikasowa, dziwani kuti zikavuta mulibe kokadandaula.

Ana akuluakulu, anyamata ndi atsikana, safunika kuwaunjika pabedi limodzi chifukwa chofuna kupulumutsa ndalama. Izi tinaphunzira kumadrasa tonse. Pemphani zipinda zoyandikana khoma, kapena chipinda chachikulu cha mabedi angapo chimene maloji ena amasungira mabanja. Ndipo ngati muli ndi atsikana kapena okalamba, lipirani ndithu chipinda chimene amachitcha self-contained, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi m'kati momwemo. Pa zonse zimene munthu angachepetse paulendo, ichi chokha ife sitidzachepetsanso.

Madzi

Munthu wa kunyanja saganiza za madzi. Mpopi ukauma kwathu timatsikira kugombe ndi ndowa. Ku Kasungu kulibe gombe. Tauniyi imamwa madzi a damu la Chitete, ndipo m'miyezi yotentha, makamaka chaka chimene mvula inavuta, madzi amachepa. Tsono banja lathu limafuna madzi kuposa mlendo wamba: wudhu kangapo patsiku kwa anthu 5 kapena 6, kusamba, ndi kudziyeretsa kuchimbudzi. Tsegulani mpopi musanalipire. Ukatuluka madzi musakhutire msanga. Funsani ngati pali thanki kapena mjigo, ndipo kaioneni thankiyo ndi maso anu. Pemphani ndowa yodzaza igone m'bafa. Zimbudzi za m'maloji ambiri zimangokhala ndi pepala, choncho birika kapena kabotolo musaiwale kunyumba. Funsaninso ngati pali jenereta kapena magetsi a dzuwa, chifukwa pamalo ena magetsi akazima pampu nayo imaima.

Za kuzizira tisaiwale. Nyanja yathu ili pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Kasungu ili pamtunda woposa mamita 1,000. Mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumazizira koti mwana wozolowera kugona ndi chitenje chokha amadzuka akutsokomola. Werengani mabulangeti, ndipo mufunse ngati angatenthetsere okalamba madzi a Subuhi. Musanyengedwe kuti poti n'kumtunda kulibe udzudzu; malungo aliko ngati kwathu komwe.

Kanthu kena kakang'ono. Ife a ku Nkhotakota tikafuna Chibula sitivutika: timaika nyanja kudzanja lamanja. M'chipinda chachilendo munthu amasokonezeka. Kuchokera ku Kasungu, Chibula chili kumpoto, mopendekera pang'ono kummawa. Onani kumene dzuwa lalowera madzulo, kumeneko kukhale kumanzere kwanu, kenaka mupotoloke pang'ono chabe cha kumanja. Amene ali ndi mafoni amakono adzapezamo kampasi. Za kufupikitsa swala paulendo wotere, kambiranani ndi shehe wanu musananyamuke.

Chakudya

Kumtunda nyama ya nkhumba ndi ndiwo wamba, ndipo palibe amene akukulakwirani poiphika, ndi kwawo. Udindo wofunsa ndi wanu. Chiwaya cha tchipisi cha m'mbali mwa msewu kawirikawiri chimakazinga zonse m'mafuta amodzi, choncho ana akalirira tchipisi yang'anani zimene zili m'mphepete mwa chiwayacho. Kuhotela, chenjerani ndi chakudya cham'mawa chimene amati chili kale pamtengo wa chipinda, popeza soseji imabwera pambale osaitanitsa. Neneranitu madzulo kuti mukufuna mazira, buledi ndi tiyi basi, ndi kuti akazingire m'poto wotsuka. Malo ena amapachika chikalata cha halaal chochokera ku Muslim Association of Malawi. Chiwerengeni, muone dzina la malo ndi chaka chake, chifukwa chikalata chimatha ntchito koma msomali umene chapachikidwapo sutha.

Njira yosavuta ndi kudya kumalesitilanti a Asilamu a pafupi ndi msika kapena mzikiti, n'kupita kuloji kukangogona. Maloji ena ang'onoang'ono amalola kuti mugule nkhuku yamoyo pamsika, muzinge nokha, iwo n'kukuphikirani pamtengo wochepa. Ndiwo za nyemba, nkhwani wotendera ndi mazira zilibe mlandu, ndipo nsinjiro za ku Kasungu n'zabwino poti mtedza amalima okha. Chokhacho chimene tikukuletsani n'kuitanitsa chambo. Mudzalipira mtengo woti kwathu mukanadyetsa banja lonse, pa nsomba imene inakwera phiri lomwelo dzana, mwinanso m'minibasi imodzi ndi inu. Agogo athu atangoiona pambale ya munthu wina anapukusa mutu osanena kanthu.

Pa za ndalama tingonena mwachidule. Lipirani usiku umodzi, mulandire risiti, ndipo mukagona bwino mudzalipire wachiwiri m'mawa. Funsani ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati msonkho uli momwemo, ndi nthawi imene muyenera kutuluka Lamulungu. Mtengo umene anakuuzani achimwene anu amene anapitako zaka zapitazo musaudalire. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zinthu zakhala zikukwerabe. Imbani foni musananyamuke. Koma chenjerani ndi akamberembere amene amaika zithunzi zokongola pa Facebook n'kupempha kuti mutumiziretu ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati n'kofunikadi kusungitsa chipinda, tumani munthu wodziwika amene ali ku Kasungu akaone malowo, kuti nambala imene mukutumizako ndi yawodi.

Kodi tikagone kunkhalango?

Ana akamva za Kasungu amayamba n'kufunsa njovu. Nkhalango ya Kasungu National Park ili kumadzulo kwa tauni, kumalire ndi dziko la Zambia. Inakhazikitsidwa ngati paki m'chaka cha 1970, ndipo ndi yachiwiri kukula m'Malawi, kutsatira Nyika. Nyama zake zinatha kwambiri ndi opha mozemba, koma m'chaka cha 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Malo ogona odziwika kumeneko ali pa Lifupa, m'mbali mwa damu m'mene mumakhala mvuu ndi m'mene nyama zimadzamwa madzi m'chilimwe. Bata lake ndi losasimbika; kumeneko usiku mumangomva mvuu.

Komabe kwa banja la masiku awiri loyenda pa minibasi, ife tikuti goneranibe m'tauni. Kuchokera m'tauni kukafika pa Lifupa ndi makilomita pafupifupi 50, kulibe minibasi yolowa m'nkhalango, ndipo nthawi ya mvula misewu ya m'katimo imavuta. Kulibe msika kapena lesitilanti ina yoti mungathawireko chakudya chikakukayikitsani, moti muyenera kuimbiratu foni n'kupangana za zophika, kapena kunyamula zanu. Amene ali ndi galimoto yawo ndi masiku atatu, apite ndithu, sadzanong'oneza bondo. Enafe n'kwabwino kupangana ndi mabanja awiri kapena atatu kubwereka galimoto Loweruka m'mamawa n'kubwerako madzulo. Muvale zovala zazitali zosakhala zakuda kapena zabuluu, popeza mitundu imeneyi imakopa kashembe, ntchentche imene imafalitsa matenda a kaodzera. Amayi amene anazolowera buibui wakuda, tsiku limenelo avale wa mtundu wina. Munthu akadwala malungo osamva mankhwala atabwerako, auzeni adokotala kuti anali kunkhalango. Ndipo musatuluke m'galimoto popanda chilolezo cha oyang'anira nyama. Anthu a m'midzi yozungulira pakiyi aferapo ndi njovu zimenezi.

Ngakhale osafika kunkhalango, zoonetsa ana zilipo. Phiri la Kasungu lili pafupi ndi tauni, ndipo amene akwera amaona dziko lonse la fodya litayalidwa ngati mphasa. Nyumba ya malemu Dr. Hastings Kamuzu Banda ya Nguru ya Nawambe imaonekera chapatali. Pobwerera pamsewu wa M18 mudzadutsa pa Mtunthama, pamene pali sukulu ya Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981, ndipo chakufupi ndi kwa Wimbe, kwawo kwa William Kamkwamba, mnyamata amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mwana wathu wamwamuna anamva nkhani imeneyi kamodzi, ndipo mpaka lero dayinamo ya njinga yathu sitikudziwa kumene ili.

Tibwerere ku ulendo wathu uja. Loweruka m'mawa, maso ali psuu, tinanyamula katundu n'kupita kumzikiti. Bambo wina wachikulire amene tinamupeza akusesa pabwalo atamva nkhani yathu anaseka pang'ono, nati: "Pepani achimwene. Mukanayambira kuno dzulo." Anaitana mdzukulu wake kuti atiperekeze. Malo amene anatifikitsako analibe chikwangwani chokongola. Utoto unali utasuluka, ndipo pakhomo panali mtengo wa mango ndi nkhuku zikupalasa. Amayi anavundukula matiresi, abambo anazungulira kuseri n'kupeza thanki ndi dimba la mpiru. Tinalipira usiku umodzi, tinalandira risiti yolembedwa pamanja. Mtengo wake unaposa wa dzulo lake pang'ono, ndipo chifukwa cha ndalama zinatayika zija, ulendo wa kunkhalango unalephereka. Ana anakwera phiri m'malo mwake.

Usiku umenewo tinagona isanakwane 9 koloko. M'bandakucha panamveka kugogoda pachitseko cha agogo, ife mitima n'kudumpha. Anali mlonda, atanyamula ndowa ya madzi ofunda amene tinapempha madzulo. Chapatali, cha kumsika, adhana inali itayamba.

Pobwerera Lamulungu, minibasi ikuwoloka Bua, agogo amene anakhala chete njira yonse anafunsa ngati tinalemba nambala ya foni ya malo aja. Tinati inde. "Musaitaye," anatero. "Njovu zija sindinazione."